Kukaona chipilala cha Abraham Lincoln ku Washington: nthawi, njira ndi zoyenera kuyang'ana

Chipilala chokumbukira Abraham Lincoln, pulezidenti wa nambala 16 wa dziko la America, chili kumapeto chakumadzulo kwa bwalo lalitali lotchedwa National Mall, mumzinda wa Washington. Chimakhala chotsegula usana ndi usiku chaka chonse, ndipo salipiritsa. Palibe tikiti, palibe geti, palibe wokusechani chikwama. Chimene chimawononga ulendo wa anthu ambiri ndi mtunda komanso ola limene asankha. Amafika dzuwa lili paliwombo miyendo itatheratu, n'kujambula zithunzi ziwiri kapena zitatu pakati pa chinamtindi cha anthu, basi n'kutsika osawerenga ngakhale mzere umodzi wa mawu ozokotedwa pamakoma, chikhalirecho mawuwo ndi amene amanena chifukwa chake nyumbayi inamangidwa.

Dziwiranitu kuti malowa si manda. Lincoln anawomberedwa pa 14 Epulo 1865 m'nyumba ya zisudzo ya Ford's Theatre, mumzinda womwewu, ndipo anamwalira m'mawa wa tsiku lotsatira, koma thupi lake linakaikidwa ku Springfield m'chigawo cha Illinois. Pano pali nyumba ya miyala, chiboliboli chimodzi, ndi mawu ake.

Yambani ndi tikiti ya chipilala cha Washington

Ngati mukufuna cha Lincoln chokha, gawo lino lidumpheni. Koma alendo ambiri amafunanso kukwera Washington Monument, chipilala chosongoka cha mamita 169 chokumbukira George Washington, pulezidenti woyamba, chomwe chili pamtunda wopitirira pang'ono kilomita imodzi chakum'mawa. Icho chimafuna tikiti yolembedwa ola lolowera, ndipo ola limenelo ndi lomwe lilamule zina zonse za tsikulo.

Matikiti amaitanitsidwa pa webusayiti ya recreation.gov. Kukwerako n'kwaulere, kungoti amadula dola imodzi pa tikiti iliyonse yoitanitsa pa intaneti. Amawatulutsa kutatsala masiku 30, nthawi ya 10 koloko m'mawa ya ku Washington, ndipo ena amawatulutsa kutatsala tsiku limodzi. M'miyezi ya alendo ambiri amatha pa mphindi zowerengeka, choncho tseguliranitu akaunti n'kukhala mutalowa kale ola lisanakwane. Wochedwa ndi amene amayamba kulemba dzina ndi imelo 10 koloko itakwana. Mukalephera pa intaneti, pali kanyumba kamiyala kotchedwa Washington Monument Lodge m'mbali mwa 15th Street komwe amagawa matikiti a tsiku lomwelo kwa ofika msanga, ndipo mzere wake umayamba zenera lisanatsegulidwe.

Kumeneko amasecha ngati pabwalo la ndege. Zikwama zikuluzikulu, mipeni ndi zakudya salola, malo osungitsa katundu palibe, ndipo m'kati mulibe chimbudzi. Chikepe chimatenga masekondi pafupifupi 70 kukafika pamawindo oonera mzinda, pamtunda wa mamita 152. Kukachita ziphaliwali kapena chimphepo amatseka, ngakhale tikiti muli nayo m'manja. Mukadali pansi, yang'anani pamene mtundu wa mwala ukusinthira, cha pamamita 46: ntchito inayamba mu 1848, inaima mu 1854 ndalama zitatha, ndipo pamene ankaimalizitsa mu 1884 miyala inali ikuchokera kumgodi wina.

Ola loyenera

Khomo la chipilala cha Lincoln linaloza kum'mawa, ndipo zambiri zokhudza nthawi zimachokera pamenepa. Dzuwa likamatuluka, kuwala kumalowa pakati pa nsanamira n'kukagwera pa chiboliboli chenichenicho, chomwe masana onse chimakhala mumthunzi. Chakumapeto kwa Malichi ndi chakumapeto kwa Seputembala dzuwa limatulukira molunjika bwalo lonse, kuseri kwa chipilala cha Washington ndi nyumba ya malamulo ya Capitol. M'bandakucha mphepo imakhalanso isanadzuke, ndiye madzi a m'dziwe lalitali la patsogolo amakhala bata, chipilala cha Washington n'kumaoneka chathunthu m'madzimo. Anthu amene mungawapeze nthawi imeneyo ndi othamanga ndi ojambula ochepa chabe. Mu Juni dzuwa limatuluka cha m'ma 5:45, pomwe mu Disembala limachedwa mpaka kupitirira 7 koloko.

Nthawi ina yabwino ndi usiku, magetsi a padenga atayatsidwa. Apa musayembekezere kukhala nokha. Kuyambira Malichi mpaka Juni mabasi a ana asukulu ochokera m'zigawo zonse za dzikolo amathira anthu pano madzulo, ndipo phokoso limachepa cha m'ma 10 koloko usiku. Ogwira ntchito ku National Park Service, bungwe la boma losamalira malowa, amapezeka kuyambira 9:30 m'mawa mpaka 10 koloko usiku. Mudzawadziwa ndi malaya otuwa, buluku lobiriwira ndi chipewa chotambalala. Amayankha mafunso mwaulere, choncho amene akufuna womufotokozera asabwere m'bandakucha.

Masana a mu Julayi ndi Ogasiti ndiwo oipitsitsa. Kutentha kumapitirira madigiri 32, mpweya umakhala wachinyezi moti thukuta siliuma, ndipo m'mbali mwa dziwe mulibe mthunzi pokhapokha mutadzera njira za m'mitengo zomwe zili mbali zonse ziwiri. Chakumadzulo kumakonda kugwa mvula yamabingu yadzidzidzi. Mukamaona zanyengo pa TV ya kumeneko, kumbukirani kuti amawerenga mwa Fahrenheit: akati 90, ndiye madigiri 32 aja. M'nyengo yozizira, kuyambira Disembala mpaka Febuluwale, anthu amachepa koma masitepe amatha kuundana madzi, ndipo mu Disembala dzuwa limalowa isanakwane 5 koloko.

Masiku awiri ofunika kuwaganizira mwapadera ndi awa. Pa 4 Julayi, tsiku lokumbukira ufulu wa dzikolo, misewu yambiri imatsekedwa ndipo mbali zina za bwalo mumalowa mutasechedwa. Kenako pali masabata a maluwa a mitengo ya cherry, chakumapeto kwa Malichi mpaka kumayambiriro kwa Epulo, pamene dera lonseli limadzaza osati masewera.

Usiku woti mawa mupita, tsegulani tsamba la chipilalachi pa nps.gov muone zidziwitso za pamwamba. Kuyambira 2023 pansi pa nyumbayi panayambika ntchito yomanga malo oonetsera mbiri, ndipo ntchito ngati imeneyi imasuntha njira, zimbudzi ndi polowera chikepe. Dziwe lija nthawi zina amalikhuthula kuti alitsuke. Komanso aphungu a ku Congress, nyumba ya malamulo ya dzikolo, akalephera kugwirizana za bajeti, ntchito zina za boma zimaima: zimbudzi zimatha kutsekedwa, ofotokozera aja sabwera, ndipo chipilala cha Washington sichitsegulidwa. Mu Okutobala 2013 anafika potchinga ndi cha Lincoln chomwe.

Kafikidwe

Galimoto isiyeni. Malo oimikapo m'mbali mwa Constitution Avenue ndi Ohio Drive ndi ochepa, amadzaza m'mawa, ndipo ambiri ndi olipira komanso a maola owerengeka. Njira yodalirika ndi sitima za Metro, ngakhale palibe siteshoni yomwe ili pakhomo penipeni.

Yapafupi ndi Foggy Bottom-GWU, yomwe imadutsidwa ndi njanji za Blue, Orange ndi Silver. Mukatuluka mudzakhala pa 23rd Street. Lowerani kum'mwera, kumene msewu ukutsetserekera, mudutse likulu la unduna woona za maiko akunja lomwe lili kumanzere, muwoloke Constitution Avenue, ndipo chipilala chidzaonekera patsogolo panu chammbali. Ndi mtunda wa kilomita imodzi ndi pang'ono, mphindi 15 mpaka 20. Pobwerera ndi chitunda, ndiye muonjezerepo mphindi zingapo.

Siteshoni ya Smithsonian ili panjanji zomwezo, koma kuchokera kumeneko ndi pafupifupi makilomita awiri. Ubwino wake ndi woti mumadzera pa chipilala cha Washington, pa chikumbutso cha nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, kenako m'mbali mwa dziwe, nyumba ya Lincoln ikukulirakulira pamaso panu. Kwa amene ali ndi tikiti ya chipilala cha Washington ya m'mawa, iyi ndiye njira yake. Yachitatu ndi siteshoni ya Arlington Cemetery panjanji ya Blue, kutsidya kwa mtsinje wa Potomac, komwe mumawoloka mlatho wa Arlington Memorial Bridge n'kufikira kuseri kwa nyumbayi.

Maso amanama kwambiri pabwaloli. Nyumba zake ndi zazikulu moti zimaoneka ngati zili apa pomwe, koma kuchokera ku Capitol kukafika kwa Lincoln ndi makilomita opitirira atatu. Dziwe lokhalo ndi lalitali mamita pafupifupi 620. Mapu a pafoni akakuuzani kuti "1 mile", werengani kilomita imodzi ndi theka n'kuonjezerapo pang'ono.

Mu Metro aliyense amafunika khadi lakelake lolipirira, monga la SmarTrip, logulidwa pamakina a pasiteshoni kapena loikidwa mufoni. Mumaligunditsa pageti polowa komanso potuluka, chifukwa mtengo umatengera mtunda, n'chifukwa chake anthu awiri sangagwiritse ntchito khadi limodzi. Kudya ndi kumwa m'sitima n'koletsedwa. Pamasitepe oyenda okha imani kumanja, kumanzere ndi kwa ofulumira, ndipo eni mzinda sachedwa kukuuzani mukatseka njira. Ochokera kubwalo la ndege la Dulles ali ndi njanji ya Silver yomwe imafika ku Foggy Bottom osasintha sitima; ochokera ku Reagan National akwere ya Blue. Mabuku akale a alendo amatchula basi yotchedwa DC Circulator yomwe inkazungulira bwaloli. Inasiya kuyenda kumapeto kwa 2024, musaidikire.

Mukaitanitsa takisi pafoni, lembani dzina la chipilala, osati nambala ya msewu yokha. Mzindawu unagawidwa panayi, NW, NE, SW ndi SE, ndipo misewu ya dzina limodzi imapezeka m'magawo angapo.

Pa zonyamula palibe zambiri. Nsapato zikhale zoti munaziyendera kale, zogwira pansi, chifukwa mwala wa mabo ukanyowa umaterera koopsa. M'chilimwe munthu aliyense akhale ndi botolo la madzi la lita imodzi. Madzi a m'mipope ya pabwalo ndi abwino kumwa, mungathe kudzazanso. Pafupi ndi chipilala pali timashopu tiwiri ta zakudya, kumpoto ndi kum'mwera, ndipo m'misewu yozungulira bwalo mumaima magalimoto ogulitsa zakudya ndi ayisikilimu. Ena mwa iwo salemba mitengo. Safunsa anadya phula: funsani mtengo musanalandire chakudya m'manja komanso musanapereke khadi la kubanki.

Musanakwere, ndi pokwera

Imani kaye m'munsi, m'mphepete mwa dziwe, muyang'ane nyumba yonse. Anaijambula ndi katswiri wa zomangamanga Henry Bacon motengera akachisi akale a ku Greece. Ntchito inayamba mu 1914 ndipo inatsegulidwa pa 30 Meyi 1922. Pamalopa kale panali dambo la mtsinje wa Potomac lomwe linakwiriridwa ndi dothi, n'chifukwa chake maziko ake analowa pansi kwambiri, mbali zina mpaka mamita 20, kuti akafike pathanthwe.

Nsanamira zozungulira nyumbayi zilipo 36, kuimira zigawo zomwe zinkapanga dzikolo pamene Lincoln ankamwalira, ndipo maina a zigawozo alembedwa pamwamba pa nsanamirazo. Pamwamba pakenso pali mzere wina wa maina 48, a zigawo zomwe zinalipo mu 1922. Alaska ndi Hawaii zinalowa mu 1959 nyumba itatha kale, ndiye maina awo ali pachikwangwani chomwe chinaikidwa pansi, pabwalo la patsogolo. Anthu ambiri amachiponda osachiona. Nsanamirazi n'zazitali mamita 13, ndipo zinapendekekera m'kati pang'ono mwadala. Zikanaima chilili, nyumbayo ikanaoneka ngati ikutambalala kumwamba.

Kuchokera padziwe kukafika m'chipinda cha chiboliboli pali masitepe 87, ndipo 58 mwa iwo ndi oyambira pabwalo la patsogolo. Okalamba, oyenda panjinga ya olumala ndi okankha ana asavutike nawo: pali chikepe choyambira m'munsi mwa nyumbayi, tsatirani zikwangwani kapena funsani wa yunifolomu.

Mukatsala ndi masitepe 18 kuti mufike pamwamba, pali malo athyathyathya. Yang'anani pansi, pakatikati. Pamwalapo pazokotedwa mawu osonyeza pamene Martin Luther King Jr. anaima pa 28 Ogasiti 1963 polankhula kwa anthu pafupifupi 250,000 za loto lake loti anthu akuda ndi azungu adzakhale olingana. Zilembozo zinaikidwa mu 2003, ndi zosazama, ndipo mwala ukauma sizioneka bwino. Ena amathirapo timadzi ta m'botolo kuti zituluke. Imani pamenepo mutembenukire kum'mawa, muone bwalo monga iye analionera.

Masitepe amenewa ali ndi mbiri yomwe nyumbayo payokha sinena. Pa tsiku lotsegulira mu 1922, anthu akuda anawakhazika paokha, ngakhale mmodzi wa olankhula anali Robert Moton, mkulu wa sukulu ya anthu akuda ya Tuskegee. Pa Isitala wa 1939, woimba wakuda Marian Anderson, atamukaniza kuimba mu holo ya Constitution Hall chifukwa cha khungu lake, anaimba pamasitepe pano pamaso pa anthu pafupifupi 75,000. Kuchokera nthawi imeneyo malowa anasanduka poimira anthu ofuna chilungamo.

M'kati

Chiboliboli chili ndi msinkhu wa mamita 5.8 chili chikhalire. Anachikonza ndi Daniel Chester French, ndipo osema ake anali abale a banja la Piccirilli a ku New York. Poyamba ankafuna cha mamita atatu okha, koma anaona kuti chikanamira m'chipinda chachikulu chotere. Si mwala umodzi: ndi zidutswa 28 za mabo woyera wa ku Georgia, zolumikizidwa mwaluso moti mizere yake muyenera kuchita kuifunafuna.

Musangoima kutsogolo. Pitani kumbali imodzi, kenako ku inayo, muyang'ane manja. Lamanzere ndi lofumbata, lamanja ndi lotambasuka, lapumira pampando. Kumaso kwa mikono ya mpando kuli mitolo ya ndodo zomangidwa pamodzi, chizindikiro cha ulamuliro cha Aroma akale, ndipo kumsana kwa mpando kwayalidwa mbendera. Mudzamva otsogolera alendo ena akunena kuti zala zikulemba zilembo A ndi L m'chinenero chamanja, kapena kuti m'tsitsi la kunkhongo mwabisika nkhope ya Robert E. Lee, mkulu wa asilikali a zigawo za kum'mwera zomwe zinamenyana ndi za kumpoto pa nkhondo yapachiweniweni ya nthawi ya Lincoln. A National Park Service amati zimenezi ndi nthano chabe. Kwezaninso maso kudenga: miyala yopyapyala ya ku Alabama yomwe ili kumeneko anainyika mu phula kuti kuwala kuzidutsa.

Tsopano tembenukirani kumanzere, mudutse pakati pa nsanamira, mulowe kachipinda ka kum'mwera. Pakhomapo pali mawu amene Lincoln analankhula ku Gettysburg pa 19 Novembala 1863, popatula manda a asilikali omwe anafa pa nkhondo yoopsa ya m'mwezi wa Julayi chaka chomwecho. Ndi mawu pafupifupi 270 okha, owerengeka pa mphindi ziwiri. Amayamba ndi kukumbutsa kuti panali patapita zaka 87 chikhazikitsire dziko pa mfundo yoti anthu onse analengedwa olingana, ndipo amathera pa pempho loti boma la anthu, losankhidwa ndi anthu, lotumikira anthu lisafafanizike padziko.

Khoma la kumpoto, kumanja, ndi limene anthu ambiri amalidumpha chifukwa mawu ake ndi ataliatali, pafupifupi 700, ogawidwa m'magawo atatu. Koma ndi lomwe lili ndi nyama. Awa ndi mawu a pa 4 Malichi 1865, pamene ankalumbira kachiwiri, nkhondo yapachiweniweni itatsala pang'ono kutha, iye atatsala ndi masabata 6 kuti aphedwe. Munthu amene akupambana nkhondo mungayembekeze kuti adzitama. Iye akunena poyera kuti gwero la nkhondoyo linali ukapolo, kuti mbali zonse ziwiri zimawerenga Baibulo limodzi ndi kupemphera kwa Mulungu mmodzi, iliyonse ikupempha kuti agonjetse inzake, ndipo kuti mwina nkhondoyo ndi chilango cha dziko lonse, kumpoto ndi kum'mwera komwe, chifukwa cha zaka 250 za thukuta la akapolo losalipidwa. Odziwa Baibulo adzazindikira Mateyu 18:7 ndi Salimo 19:9 m'mawuwo. Kumapeto akupempha kuti pasakhale kusungirana chidani, ndi kuti asamalire msilikali, mkazi wamasiye ndi ana ake. Patulani mphindi zosachepera zisanu. Ngati Chingerezi chakale chimakuvutani, werenganitu mawuwa kunyumba, kuti pakhomapo mukangowazindikira.

M'gawo loyamba la khomali muli cholakwika cha wosema. Pa liwu loti FUTURE anayamba ndi E m'malo mwa F, ndiye kamzere ka m'munsi anakamata. Mukaima chammbali kuti kuwala kugwere mopendekeka, chipsera chake chimaoneka. Ana amakonda kusaka chimenechi, ndipo ndi njira yabwino yowakhazikira chete inu mukuwerenga.

Pamwamba pa makoma onse awiri pali zithunzi za mamita 18 m'litali zopentedwa ndi Jules Guerin. Cha kum'mwera chikuonetsa mngelo akumasula akapolo, cha kumpoto mngelo akugwiranitsa manja a mbali ziwiri zomwe zinamenyana. Zili m'mwamba komanso mumdima pang'ono, ndiye zimaoneka bwino usiku magetsi atayaka.

Pa zojambula, vuto lalikulu ndi kusiyana kwa kuwala. M'mawa jambulani moloza chiboliboli, dzuwa lili kumsana kwanu. Mukamuimika munthu pamasitepe nthawi imeneyo kuti dziwe lioneke kumbuyo kwake, nkhope imatuluka yakuda bii chifukwa kamera yayang'ana dzuwa. Chithunzi chimenecho n'cha madzulo. M'kati, gundani chiboliboli pagalasi la foni kuti kamera iyeze kuwala pa icho, apo ayi mwala woyerawo umatuluka mbee wopanda nkhope.

Zoletsedwa

M'chipindamo muli zikwangwani zopempha bata ndi ulemu, ndipo mawu amamveka kwambiri chifukwa cha miyala. Musadyeremo, musasutiremo, musadumphe chotchinga cha pa chiboliboli. Agalu saloledwa kupatula othandiza olumala. Zionetsero ndi zolankhula za pagulu n'zoletsedwa kuyambira pamene paima nsanamira kupita m'kati. M'munsi mwa masitepe n'zololedwa, koma gulu lopitirira anthu 25 limafunika chilolezo. M'dziwe salowamo, ngakhale kutenthe bwanji.

Ziwiri izi zimagwetsa alendo m'mavuto enieni. Choyamba, tindege tojambulira ta drone n'toletsedwa mumzinda wonse wa Washington, ndipo apolisi sachita nazo nthabwala. Chachiwiri, malamulo a mzindawu amalola akuluakulu kukhala ndi chamba chochepa, koma bwalo lonseli ndi malo a boma lalikulu la dzikolo, komwe chamba ndi mlandu. Apolisi ake ndi a United States Park Police, ndipo nambala ya pangozi ndi 911.

Kuseri, ndi kupitirira

Musanatsike, zungulirani nyumbayi podzera pakhonde la nsanamira. Kuseri kumakhala anthu ochepa, ndipo mumaona mtsinje wa Potomac, mlatho uja, ndi phiri la manda a asilikali a Arlington. Nyumba ya nsanamira yomwe ili pamwamba pa phirilo ndi imene ankakhalamo Robert E. Lee. Mlathowo, womwe unatsegulidwa mu 1932, anauika dala pamzere wolumikiza nyumba ziwirizi monga chizindikiro choti kumpoto ndi kum'mwera anayanjananso. Apa ndiye poonera dzuwa likulowa.

Mukamatsika mutayang'ana dziwe, kumanzere kwanu kuli khoma lakuda la maina opitirira 58,000 a asilikali a nkhondo ya ku Vietnam, ndipo kumanja kuli ziboliboli 19 zachitsulo za asilikali a nkhondo ya ku Korea. Chilichonse chili pamtunda wa mphindi zisanu. Amene miyendo yatopa athere pamenepa; ola limodzi ndi theka likhala litakwana.

Amene akadali ndi mphamvu angathe kuona zikumbutso za mapulezidenti ena awiri, ndipo dongosolo lake ndi lofunika. Kuchokera ku chikumbutso cha Korea, wolokani Independence Avenue pamaloboti mufike pa chiboliboli cha Martin Luther King Jr., chomwe chinatsegulidwa mu 2011 m'mphepete mwa nyanja yaing'ono ya Tidal Basin. Tsatirani gombe chakum'mwera mpaka pa chikumbutso cha Franklin D. Roosevelt, yemwe analamula kuyambira 1933 mpaka 1945. Ichi si nyumba koma mabwalo anayi a miyala yofiirira ndi mathithi, bwalo lililonse kuimira nthawi imodzi mwa zinayi zimene anasankhidwa. Kulowera mbali iyi kumakuyambitsani pa bwalo loyamba. Ochokera mbali inayo amaiona mbiriyo chobwerera m'mbuyo, kuyambira pa maliro. Chinatsegulidwa mu 1997, ndipo chiboliboli cha pakhomo chomuonetsa ali panjinga ya olumala chinaonjezedwa mu 2001, olumala atadandaula kuti ulumali wake wabisidwa. M'nyengo yozizira mathithi aja mungawapeze atatsekedwa.

Mukapitirira n'kuwoloka kamlatho, mufika pa nyumba yozungulira ya Thomas Jefferson, pulezidenti wachitatu komanso mlembi wamkulu wa chikalata cholengeza ufulu cha 1776. Inatsegulidwa pa 13 Epulo 1943, koma chiboliboli chake chamkuwa chinaikidwa mu 1947, chifukwa nthawi ya nkhondo zitsulo zinkapita ku zida. Mawu a pamakoma ake amanena za ufulu ndi kulingana kwa anthu, pomwe mwini wakeyo pa moyo wake anali ndi akapolo opitirira 600. Kubwera kuno mutawerenga kale khoma la kumpoto la Lincoln kumathandiza kuona mmene nkhani imodzi inaberekera inzake.

Mitengo ya cherry yozungulira nyanjayi inayamba ndi mphatso ya mitengo pafupifupi 3,000 yochokera ku Tokyo mu 1912. Kuthyola maluwa kapena kukwera mitengoyi n'koletsedwa. Madzi a m'nyanjayi amakwera ndi kutsika motsatira mtsinje, ndipo kwa zaka zambiri ankasefukira m'njira za oyenda pansi, zomwe zinachititsa kuti mu 2024 ayambe kumanganso khoma la m'gombe. Mukapeza njira itatchingidwa kapena itanyowa, dzerani yapamtunda osati kudula pa mizu ya mitengo.

Ulendo wonsewu, kuchokera ku Foggy Bottom kudzera kwa Lincoln mpaka kwa Jefferson n'kukakwera sitima, ndi pafupifupi makilomita asanu, maola atatu kapena anayi mukamaima n'kumawerenga. Zimbudzi zili pa chikumbutso cha King, cha Roosevelt ndi cha Jefferson. Kuchokera kwa Jefferson musabwerere njira yomwe munadzera: siteshoni ya Smithsonian ili pamtunda wa mphindi 20 chakumpoto. Ngati mwayenda usiku, yang'anirani wotchi, chifukwa pakati pa sabata Metro imatseka cha pakati pa usiku ndipo sitima yomaliza pasiteshoni yanu ingathe kudutsa nthawiyo isanakwane.